Udzu wa pa Dambo la Ambuya

Pa mudzi wina pafupi ndi Mishoni ya Minga, pakati pa Petauke ndi Nyimba, pali mai wokalamba amene wakhala akumweta udzu pa dambo limodzi kuyambira utsikana wake. Mdzukulu wake atabwera kucokera ku Lusaka anayang'ana dambolo nati, "Ambuya, udzu ndi umodzi, tingomweta paliponse." Nkhalambayo inangoseka, nimgwira dzanja, nitsika naye kulinga kumadzi.

Kumtunda, kumene mitengo ya miombo ndi masuku ithera, anamuonetsa tsekera wamtali, ndiye wofolera nyumba. Atatsikako pang'ono anafika pa mcenga woyera umene umanyowa m'dzinja ndi kuuma gwa m'cilimwe. Pamenepo udzu unali waufupi ndi wopyapyala. Pakati peni-peni, pa dothi lakuda, panali mlulu ndi bango, zolukira mikeka ndi mphasa. Mitengo panalibe, pakuti mizu yace siipuma m'dothi lodzala madzi. Koma pa culu cimodzi panali tchire lowirira, cifukwa ciswe cinakweza dothi pamwamba pa madzi ndi kulisonkhanitsira conde.

"Waona, mdzukulu wanga," anatero mai uja, "mapazi khumi okha, ndipo wafika dziko lina."

Mai ameneyu ali ndi abale kupyola Nyimba, ku cigwa ca Luangwa, ndipo adziwa kuti kumeneko zinthu zisiyananso. Kuli kutentha kwambiri, mvula icepa, mitengo ndi ya mupani ndi milambe, ndipo pansi pa mupani pamera udzu waufupi wouma msanga. Motero pa culu cilamula ndi dothi, m'dambo alamula ndi madzi, ndipo pakati pa mtunda ndi cigwa zilamula ndi mvula ndi kutentha. Zimenezi munthu sangazisinthe. Zimene zili m'manja mwace ndi moto ndi ng'ombe.

Mu 2024 mvula inadula, kotero kuti pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Caka cimeneco ng'ombe za midzi yozungulira zinathamangira m'dambo muja. Pamene zinapondaponda kwambiri, tsekera anacepa, kapinga nayamba kuyanga. Mai uja anamweta wotsalawo nauunjika m'mbali mwa dambo. Asanaututire kumudzi, anyamata osaka mbewa anatentha tchire dzuwa lili pamutu, ndipo mitolo yonse inapsa. Mvula itabwera, iye anagona cokhala, akusuntha mphasa kuthawa madontho.

Za moto zinayesedwa kale m'dziko muno. Ku Ndola, kuyambira mu 1933, a za nkhalango anagawa tchire m'zigawo: kwina akutentha msanga dzinja litangotha, kwina mocedwa m'nyengo yotentha, kwina osatentha konse. Mu 1959 Colin Trapnell analemba zotsatira zace: moto wocedwa unaononga mitengo ya miombo, pamene moto woyambirira unaisiya ikukula. Mai wa ku Mingayu sanawerengepo zimenezi, koma makolo ace anamphunzitsa comweco: yamba wamweta udzu utakhwima ndi kugwetsa mbeu zace, ndipo tentha madzulo, pansi pakali cinyezi.

Cifukwa cace anapita kwa amfumu nagwada, nati, "Amfumu, dambo ili litifolera nyumba, litipatsa mphasa, lidyetsanso ng'ombe zathu. Tikalisiyira mtundu umodzi wa udzu, tidzafolera ciani?" Amfumu anaitana msonkhano, ndipo anagwirizana kuti pasakhale wotentha akazi asanatute udzu, ndi kuti ng'ombe zizidya mbali imodzi, inzace ikupuma.

Mdzukulu uja sanabwerere msanga ku Lusaka. Anatenga khasu nalambula mzere wocinga moto kuzungulira mitolo yatsopano, ambuya ace ali pa culu, akumuuza dzina la udzu uliwonse umene khasu linali kudula.