Mapanga awiri avumbwitsa: phungu, woweruza ndi ulendo wa a Lovemore Munlo

Dzina loti phungu ndi lakale kuposa Nyumba ya Malamulo. Pa chinamwali cha Achewa, phungu ndi mayi amene amasankhidwa kuti ayime pambali pa namwali, kumulangiza, kumuperekeza ndi kumulankhulira akalakwa. Ntchito yake ndi yoimira mbali imodzi, ndipo palibe amene amadabwa nazo, pakuti adamuikira zomwezo. Choncho pamene dzinali lidaperekedwa kwa munthu woimira dera ku Nyumba ya Malamulo, lidagwa pamalo pake. Phungu wa anthu a ku Nkhamenya ayenera kulirira milatho yawo, sukulu zawo ndi mtengo wa fodya wawo, ndipo akatero ndiye kuti wagwira ntchito.

Woweruza mwambo wake ndi wina. Pabwalo la mfumu, m'midzi ya kwa Kaluluma monganso m'madera ena, wodandaula amayamba, woyankha amatsatira, nduna zimafunsa mafunso, ndipo mfumu imakhala chete kufikira pomaliza. Mlandu ukakhudza mphwake, mfumu yanzeru imaupereka kwa mfumu inzake. Nkhoswe ya kuchimuna siigamula yokha mlandu wa banja popanda ya kuchikazi. Makolo adadziwa kuti pakamwa polankhulira munthu si pakamwa pomuweruzira.

Kodi tsono munthu mmodzi angakhale pamipando yonse iwiri, wandale ndi woweruzira milandu? Ku America zidachitikapo. Mayi Sandra Day O'Connor adali phungu m'nyumba ya malamulo ya dera la Arizona, ndipo mu 1975 adayamba kuweruza milandu pakhoti la chigawo cha Maricopa. Mu 1981 adakhala mayi woyamba pakhoti lalikulu koposa la dzikolo, ndipo ku ndale sadabwererenso.

Ku Malawi, ulendo wofanana nawo ndi wa malemu a Lovemore Munlo a ku Chiradzulu, koma wawo udali wopita ndi kubwerera. Adayamba ngati loya wa boma, nakwera kufika pa udindo wa mkulu wozenga milandu m'malo mwa boma. Mu 1990 adakhala jaji wa High Court. Mu 1992 adavula mkanjo nalowa m'boma la Dr. Kamuzu Banda ngati wachiwiri kwa nduna yoona za maiko akunja, ndipo kuyambira 1993 mpaka 1994 adali nduna ya zachilungamo m'boma la Malawi Congress Party.

Mpando umenewo adaukhala pa nthawi yoterera. Kuyambira 1969, makhoti amakolo adapatsidwa mphamvu yozenga milandu ikuluikulu mpaka kugamula imfa, ndipo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Dzina lidali la makolo, koma dzanja loyendetsa lidali la chipani. Ndi m'khoti lotere mmene a Orton Chirwa, amenenso adakhalapo nduna ya zachilungamo, adagamulidwa kuphedwa mu 1983 pamodzi ndi akazi awo a Vera. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, ndipo a Orton adamwalira m'ndende ya Zomba mu October 1992. Amalawi atasankha ndale za zipani zambiri pa 14 June 1993, makhoti amakolo a m'zigawo adaimitsidwa chaka chomwecho, ndipo Nyumba ya Malamulo idachotsa lamulo la upulezidenti wamuyaya. Ntchito yogumula zimene chipani chawo chidamanga idadutsa mu unduna umene a Munlo adautsogolera.

Chipani chawo chitagonja pa chisankho cha pa 17 May 1994, adabwerera ku ntchito ya uloya. Kenaka adakatumikira kukhoti la United Nations lozenga milandu ya kuphana kwa ku Rwanda, ku Arusha, ndipo mu 2005 adakhala mlembi wamkulu wa khoti lapadera la ku Sierra Leone. Atabwerako, Pulezidenti Bingu wa Mutharika adawasankha kukhala mkulu wa majaji onse. A Bingu atamwalira pa 5 April 2012, dziko lidakhala masiku awiri lili m'mwamba, ena akufuna kulambalala wachiwiri kwa pulezidenti. Pa 7 April, a Munlo adalumbiritsa Mayi Joyce Banda monga mmene malamulo aakulu a dziko amanenera. Mu 2013 adatula pansi udindowo, ndipo mu August chaka chomwecho adapikisana nawo pa mpando wa mtsogoleri wa Malawi Congress Party, umene adaupambana ndi a Lazarus Chakwera. Adamwalira mu August 2021.

Pali zabwino zimene munthu wodziwa mbali zonse ziwiri amabwera nazo. Amene adaonako mmene lamulo limaphikidwira amadziwa chimene olemba ake ankafuna kuchiritsa, ndipo amene adaweruzako amadziwa pamene lamulo lolembedwa mothamanga limalasa munthu wosalakwa. Palibenso lamulo limene a Munlo adaswa posintha mipando. Komabe akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Munthu wothawa mvula akaona phanga ili n'kusirira linalo, amanyowera pakati.

Chovuta pa nkhani iyi n'chakuti wonyowayo kawirikawiri si mwini ulendo, koma munthu wamba wobwera ndi dandaulo. Lingalirani mlimi wolembedwa pa esiteti ya fodya kufupi ndi Nkhamenya. Wafesa nazale, wawokera, wathyola, wasoka, wayanika m'chigafa, ndipo mabelo atagulitsidwa akuuzidwa kuti ngongole ya chimanga ndi feteleza yadya phindu lonse. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa ulimi wa utenanti, koma lamulo lolembedwa silidziyendetsa lokha: limadikira woweruza. Mlimi uja alibe loya ndipo mwina Chingerezi cha m'khoti sachimva. Chuma chake chokha ndi chikhulupiriro choti wokhala pampando uja alibe mbali. Akangomva kuti woweruzayo dzana adavala nsalu ya chipani chimodzi ndi mwini esiteti, kapena kuti mawa akukapempha mavoti kwa iye, amatola khasu lake n'kubwerera kumudzi mlandu usanayambe. Chigamulo chikhoza kukhala cholungama, koma mtima wokayika suchilandira.

N'chifukwa chake malamulo aakulu a dziko a 1994 adalekanitsa mphamvu za boma patatu, ndipo adaika kuti mkulu wa majaji atsimikizidwe ndi aphungu awiri mwa atatu aliwonse ovota. Mpanda umenewu udayesedwapo. Mu November 2001 aphungu adavota kuti majaji atatu, a Dunstain Mwaungulu, a Anaclet Chipeta ndi a George Chimasula Phiri, achotsedwe, koma anthu a m'dziko muno ndi akunja adadzudzula kwambiri, ndipo majajiwo sadachotsedwe. Pa 3 February 2020 majaji asanu adafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu 2019. Chigamulo chotere chimalemera pokhapokha anthu akakhulupirira kuti ochipereka sakudikira mphotho kwa wopambana.

Mwambo uli ndi mankhwala ake pa zoterezi. Wamasiye salowa banja lina tsiku lotsatira maliro. Amadikira, amameta, amasudzulidwa poyera, anthu onse akuona. Wandale wofuna mkanjo wa ujaji, kapena jaji wofuna msonkhano wa chipani, akadayenera kutero: kukhala kaye pansi zaka zingapo mpaka anthu aiwale mtundu wa nsalu imene adavala. Mlandu suola, ndipo mbiri ya woweruza nayo siiola. Kulowa phanga lachiwiri si tchimo, koma wolowayo ayambe wadikira kuti mvula ikate.