Tesalonika wa Eni Ake

Anzanga a pa seminale, dzina loti Tesalonika nonsenu mumalidziwa, pakuti timalimva pa Misa akamawerenga makalata awiri a Paulo Woyera. Koma kodi ndi angati mwa inu akudziwa kuti mzindawu ulipobe? Eni ake amautcha Thessaloniki, ndipo m'dziko la Greece umaposedwa kukula ndi Athens yekha. Ine mkulu wanu, amene ndinadya nawo nyemba za pano zaka zapitazo, ndinakhalako milungu itatu mu Sepitembala 2025, ndili pa tchuthi cha maphunziro anga ku Rome. Ndafuna ndikugawireniko zomwe ndinaona.

Mlendo akangofika amathamangira malo otchuka: nsanja yoyera ya m'mbali mwa nyanja, bwalo la Aristotelous, chipata cha mfumu Galerius ndi tchalitchi cha Demetrios Woyera. Amauzidwa kuti mzindawu anaukhazikitsa ndi mfumu Cassander cha m'ma 315 Khristu asanabadwe, nautcha dzina la mkazi wake, mlongo wa Alexander Wamkulu. Akajambulitsa zithunzi, basi ulendo watha. Zonsezi n'zokongola ndithu, ndipo munthu angazimalize tsiku limodzi. Koma paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ine ndinachita mwayi wogona m'nyumba ya agogo ena aakazi ku Ano Poli, kutanthauza mzinda wakumtunda. Dera limeneli linapulumuka moto woopsa wa mu 1917, umene unapsereza pakati pa mzinda ndi kusiya anthu pafupifupi 70,000 opanda pogona. N'chifukwa chake kumeneko njira zikadali zakale, zopapatiza ndi zokhotakhota, ndipo nyumba zina zinachita kutsamira linga lakale la mzinda. Agogowo ankanditcha "Pater," monga amaitanira ansembe kumeneko, ine ndinkawatcha "Yiayia," ndiye kuti agogo. Mdzukulu wao, wophunzira pa yunivesite, ndiye anali wotanthauzira.

M'mawa uliwonse mnyamatayu ankabwera ndi bougatsa yotentha. Ichi ndi chofufumitsa cha timapepala ta ufa topyapyala, m'kati muli phala la mkaka lotsekemera. Wogulitsa amachiduladula ndi mpeni n'kuwaza shuga pamwamba. Tsiku lina ndikunyambita zala, agogo anati, "Pater, mukudziwa kuti mukudya chakudya cha anthu othawa nkhondo?" Makolo ao anabadwira pafupi ndi Smyrna, mzinda umene lero ukutchedwa Izmir, m'dziko la Turkey. Nkhondo ya Agiriki ndi anthu a ku Turkey itatha mu 1922, maiko awiriwa anagwirizana mu 1923 zosinthana anthu potengera chipembedzo. Akhristu a mpingo wa Orthodox oposa 1 miliyoni anachoka ku Turkey, ndipo Asilamu pafupifupi 400,000 anachoka ku Greece. Ambiri anafika ku Thessaloniki ndi katundu wa pamutu chabe.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuona mzindawo ndi maso ena. Dera lotchedwa Nea Krini ndi "Krini watsopano," pokumbukira mudzi umene anausiya kutsidya kwa nyanja. Timu ya mpira ya PAOK, imene achinyamata amaifera, inayambitsidwa mu 1926 ndi anthu ochokera ku Constantinople, ndipo chilembo K chikuimira mzinda umenewo. Inu makolo mukukumbukira m'mene abale athu a ku Mozambique, pafupifupi 1 miliyoni, anadzazira ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Iwo mtendere utabwera mu 1992 anayamba kubwerera kwao. Koma makolo a agogowa analibe kwao kobwerera. Anamanga pomwepo, ndipo zakudya zao, nyimbo zao ndi maina a midzi yao ndizo lero zimatchedwa za ku Thessaloniki.

Masana ndinkatsagana ndi agogo ku msika wa Kapani. Kumeneko kuli ngati ku Lizulu: ogulitsa nsomba akufuula mitengo, amai akutsutsa, fungo la zokometsera ndiwo lili ponseponse. Tikatopa tinkakhala pansi kumwa frappé, khofi wozizira wa thovu amene anayambira mu mzinda womwewu mu 1957. Kapu imodzi munthu amatha nayo maola awiri, ndipo palibe amene amamuthamangitsa. Ali ndi mau ao oti "halara," kutanthauza kuti osapupuluma. Dzuwa likapendeka mabanja athunthu amatsikira kunyanja kukawongola miyendo, agogo ndi zidzukulu pamodzi. Kukakhala kopanda nkhungu, phiri la Olympus limaoneka kutsidya kwa madzi.

Koma eni mudzi amadziwanso za anthu amene kulibe. Tsiku lina mdzukulu uja ananditengera ku yunivesite yao, yotchedwa Aristotle, nandiimika pa mwala wa chikumbutso umene anauika mu 2014. "Pater," anatero, "pamene taima pano panali manda." Ayuda anakhala mu mzindawu kuyambira kale lomwe. Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 17, limatiuza kuti Paulo anaphunzitsa m'sunagoge wao masabata atatu. Mu 1492 kunafikanso ena ambiri opirikitsidwa ku Spain, ndipo anachuluka mwakuti kwa zaka zambiri doko linkapuma tsiku Loweruka. Mu Disembala 1942, mzinda uli m'manja mwa asilikali a Hitler, manda ao oposa 300,000 anagumulidwa, miyala yake n'kumangira misewu ndi makoma. Mu 1943 Ayuda oposa 45,000 anakwezedwa m'sitima za pamtunda kupita ku Auschwitz. Obwerera anali ochepa kwambiri. Pambuyo pake yunivesite inamanga nyumba zake pa malo a mandawo.

Ndinafunsa mnyamatayo chifukwa chake chikumbutsocho chinachedwa chotere, zaka zoposa 70. Anangoyang'ana pansi, nati, "Anthu sankakonda kuzikamba." Pobwerera tinadutsa pa msika wa Modiano, umene dzina lake ndi la Myuda amene anaumanga, Eli Modiano. Alendo anali pikitipikiti kugula zakudya, koma sindikhulupirira kuti ambiri ankadziwa mwini dzinalo. Madzulo ake agogo anayatsa kandulo patsogolo pa chithunzi cha Amai Maria, nandiuza kuti amai ao anali ndi mnzao wachiyuda amene ankasoka naye zovala. Anatengedwa m'chaka chimenecho, ndipo amai aowo ankamutchulabe dzina mpaka tsiku la imfa yao.

Lamulungu ndinkapita ku Misa ku tchalitchi chachikulu cha Akatolika mu msewu wa Frangon. Akatolika kumeneko ndi ochepa, ndipo ambiri amene ndinapemphera nao anali obwera monga ine. Madzulo ndinkakwera ku nyumba ya amonke ya Vlatadon, imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1300, pamalo pomwe anthu amakhulupirira kuti Paulo analalikirapo. Pamenepo mzinda wonse umaoneka pansi pako mpaka kunyanja. Ndinkaganizira kuti nayenso Paulo sanafike ngati woona malo. Anagona m'nyumba ya Yasoni, ndipo m'kalata yake yoyamba amakumbutsa Atesalonika kuti ankadzigwirira ntchito kuti asalemetse munthu. Ankawadziwa anthuwo pakhomo pao, n'chifukwa chake makalata ake ali ndi chikondi chotere.

Anzanga, ambiri a inu mwina simudzafika ku Greece, koma aliyense adzakhala mlendo penapake, kaya ku parishi yachilendo, ku sukulu kapena ku ntchito. Mukafika kumeneko musakhutire ndi zimene amaonetsa alendo. Khalani pansi ndi okalamba, idyani chimene akudya, ndipo funsani kumene maina a midzi anachokera. Funsaninso mwaulemu kuti kale pamenepo pankakhala ndani, nanga anapita kuti. Mwina sadzayankha tsiku loyamba, koma mukadekha adzakuuzani.