Sheleni ya M'munda wa Tirigu

Agogo anga aakazi anamwalira asanaizolowere kwacha. Ndalama zinasintha mu 1971, koma iwo mpaka kalekale ankawerengabe zinthu m'masheleni. Ukawauza kuti chitumbuwa ndi teni tambala, ankagwira pakamwa: "Sheleni yathunthu?" Makwacha awiri kwa iwo anali paundi. Tiki, sikisi, kobiri, mayina amenewa ndinakula ndikuwamva ngati mayina a achibale amene anapita ku Joni osabwerako. Kuwadziwa ndinkawadziwa, koma nkhope zawo ndinali ndisanazionepo.

Sheleni yoyamba ndinakaigwirira kutali, ku Norfolk, kum'mawa kwa England kumene ndikukhala pano. Mdala wina amene ndimagwira naye ntchito ndiye anandikokera ku gulu lawo la anthu ofufuza zitsulo zokwiririka pansi. Loweruka, alimi akakolola tirigu, timapempha chilolezo kwa mwini munda n'kumayenda mwa apo ndi apo, mahedifoni kumutu, fosholo paphewa. Makina ake amaoneka ngati ndodo yokhala ndi mbale kunsi. Umaiyendetsa uku ndi uku pafupi ndi dothi ngati ukusesa pabwalo. Ikadutsa pa chitsulo wamba imalira mobangula, ikadutsa pa mkuwa kapena siliva imalira mokweza. Vuto ndi loti chitini cha mowa nacho chimalira mokweza. Ndiye umakumba, umagwada, umapapasa, n'kutulutsa chitini. Ukatero ukwirire dzenje bwinobwino, chifukwa mwini munda akapeza maenje gulu lonse silidzapondamonso.

Tsiku limenelo, patatha maola anayi a misomali ndi mabatani, m'chibuluma cha dothi munatuluka kanthu kozungulira kotuwa. Siliva ndi wodabwitsa. Chitsulo chimadyeka ndi dzimbiri, mkuwa umabiriwira, koma siliva amangodako pang'ono, zilembo zili gwa. Mutu wa mfumu George V mbali ina, chaka cha 1921 mbali inayo, ndi mawu oti ndi sheleni imodzi. Mdala uja anangoti, "Wayamba bwino," n'kupitiriza kusesa kwake. Kwa iye inali ndalama wamba. Ine ndinaima pomwepo kanthawi.

Madzulo ndinaiika pa status ya WhatsApp. Pasanathe ola msuweni wanga amene amachita geni ya mpunga ku Karonga anaimba.

"Asuweni, ndiye mwatola nkhwangwa ndi mpini womwe, eti? Makina amenewo ndi ndalama zingati?"

Nkhani yake inali yakuti kukubwera anthu ochokera kutsidya kwa Songwe amene akufuna rupiya ya Jeremani, ndipo akumati imodzi yokha amagula mamiliyoni. Iye anali atawerengera kale. Agulitsa njinga yake yamoto, ine ndiwonjezera, nditumiza makina. Malo okumba akuwadziwa, kufupi ndi kumene kunamenyedwa nkhondo ya Ajeremani ndi Angerezi mu 1914, pena pake pafupi ndi manda. "Chuma chili m'nthaka, asuweni," anatero uku akuseka. Koma sankacheza. Njinga imeneyo ndi imene imatuta mpunga, ndi imene imalipirira ana awiri sukulu.

Ndinamuuza masamu ake mosabisa. Ndalama zasiliva za Britain zinali ndi siliva wokwana 92.5 peresenti mpaka 1919. Kuyambira 1920 anatsitsa kufika theka, ndipo kuyambira 1947 anamuchotseratu. Sheleni yanga imalemera magalamu osakwana sikisi, ndiye siliva amene ali m'menemo sakwana magalamu atatu. Nditaigulitsa, sindingadyere nkhomaliro yabwino m'tauni muno. Rupiya ya Jeremani nayo si nthano, inalikodi, yasiliva, yokhala ndi mutu wa Kaiser Wilhelm II, koma anazisula zambirimbiri ndipo wamba zimagulitsidwa poyera pa intaneti, mapaundi makumi angapo basi. Munthu wokuuza kuti agula mamiliyoni chinthu chimene angachipeze motchipa pa foni yake, ndiye kuti chimene akufuna si rupiyayo. Akufuna ndalama zako, zoyezera, zolipira sing'anga, zotsegulira njira.

Si kuti amwayi kulibe. Mu Januwale 2019 anthu asanu ndi awiri anapeza ndalama zasiliva 2,584 ku Chew Valley, kumadzulo kwa England, za nthawi ya mafumu Harold II ndi William, cha m'ma 1066. Mtengo wake unaikidwa pa mapaundi 4.3 miliyoni, theka kwa mwini munda, theka kwa opezawo. Nkhani zoterezi ndi zimene zimafika pa Facebook. Zimene sizifika ndi za enafe. Ine pa zaka ziwiri ndapeza ndalama zasiliva zisanu, ndi ndowa yodzaza misomali. Makinawo sanabweze ngakhale ndalama ya mabatire.

Komanso kuno kuli lamulo, Treasure Act la 1996. Ukapeza ndalama zasiliva kapena zagolide ziwiri kapena kuposa pamalo amodzi, zoposa zaka 300, uli ndi masiku 14 oti ukanene kwa akuluakulu. Amuna awiri amene anapeza chuma cha nthawi ya ma Viking ku Herefordshire mu 2015 anasankha kubisa n'kumagulitsa mwakachetechete. Mu 2019 anawatsekera kundende zaka zambiri, ndipo zochuluka mwa ndalamazo sizinapezeke mpaka pano. Chimene chinawawa akatswiri a mbiri si siliva wotayikayo. Zina mwa ndalamazo zinkaonetsa kuti mfumu Alfred anali pa mgwirizano ndi mfumu ina, Ceolwulf, imene mabuku akale ankaichepetsa. Ndalamazo zinali mboni. Anthu aja anabalalitsa mboni.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Ndalama yakale ikachoka m'dothi popanda wina kulemba pamene inali, imasanduka kachitsulo chabe. Ikakhala ndi malo ake, imayankhula. N'chifukwa chake m'gulu lathu chilichonse chakale kwambiri timachijambula, timalemba malo enieni pa GPS, n'kukachionetsa kwa ofisala wa Portable Antiquities Scheme kuti chilowe m'kaundula amene aliyense angaone. Kadontho kamodzi pamapu sikanena kanthu. Timadontho zikwi timaonetsa pamene panali msika, pamene panadutsa njira, pamene panali mudzi umene unatha.

Pa zisanu zanga zija, yakale kwambiri ndi peni ya mfumu Edward I, amene analamulira kuyambira 1272 mpaka 1307. Ndi yopyapyala ngati chikhadabo, yopindika ndi pulawo, yokhala ndi mtanda kumbuyo. Ankazisula pamanja ndi nyundo. Nthawi imeneyo munthu waganyu ankalandira peni imodzi kapena awiri pa tsiku. Ndiye amene anaitaya pamenepo sanataye chenji. Anataya tsiku lonse la thukuta, mwina ufa wa banja. Ndimamuona akubwerera m'mapazi ake, akufukula ndi zala, dzuwa likulowa, kunyumba akumudikira. Chimene ine ndimatcha mwayi chinali tsoka la munthu wina. Kulira kulikonse kokweza m'mahedifoni muja ndi "mayo ine" wa munthu amene anafa kalekale.

Sheleni ija nayo ndimaiona chimodzimodzi, koma imandipweteka mwa mtundu wina. Atsamunda atakhazikitsa msonkho wa nyumba m'ma 1890, anthu akwathu ankalipira masheleni atatu pa chaka, ndalama imene munthu ankaigwirira ntchito pafupifupi mwezi wathunthu. Msonkhowo unkakwera m'kupita kwa zaka. Munthu wokhala ndi nkhokwe yodzaza, mbuzi m'khola, ankasanduka wolakwa chifukwa chosowa tizitsulo titatu tokhala ndi mutu wa mfumu imene sanaionepo. Tizitsulo timeneti ndi tina mwa zimene zinatulutsa amuna m'midzi kupita ku minda ya tiyi ndi fodya, ku Salisbury, ku migodi ya ku Joni. Sheleni imene mlimi wa ku Norfolk anagwetsa podumpha mpanda ndi mtundu womwewo umene azigogo athu ankaupondera minga mwezi wonse. Ndikaiika pachikhatho, magalamu ake ndi omwe aja, koma imalemera kuposa pamenepo.

Ndipo kwathu dothi lasunga zambiri zotere. Mabanki anali a azungu ndi amwenye. Munthu wakumudzi ankasunga ndalama m'kachitini kapena m'kamphika, n'kukwirira pansi pa mphasa kapena kuseri kwa nkhokwe. Ena anamwalira asanaulule malo. Khasu limatha kuzitulutsa lero polima. Zikatero, chonde musazikweche ndi mchenga kapena phulusa, mumafufuta zilembo zimene zikanakuuzani chaka. Jambulani pamene zatulukira. Funsani akuluakulu kuti pamenepo pankakhala ndani. Kukakhala kotheka, kazionetseni ku nyumba yosungirako zinthu zakale, ku Chichiri kapena ku Karonga komweko. Koma manda asiyeni. Kaya ndi a msilikali wachijeremani, kaya ndi a askari amene dzina lake palibe analemba, manda si mgodi.

Zonsezi ndinamuuza msuweni wanga, mwina motalika kwambiri. Anayankha kuti, "Chabwino, tamva," ndipo "tamva" ameneyo ndinamumva bwino. Kwa iye ndinali munthu wa kunja amene wapeza khomo la mwayi n'kulitseka kumbuyo kwake. Ine ndimakumba Loweruka pofuna kupumitsa mutu, iye amafuna kukumba chifukwa feteleza wakwera. Zimenezo sindingazitsutse. Makinawo sindinatumize, ndipo tinatha milungu itatu osalankhulana.

Kenako tsiku lina chithunzi chinalowa. Kobiri yofiirira yokhala ndi bowo pakati, njovu ziwiri zitaimirira mbali ndi mbali, ya nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anaipeza m'chitini cha mabatani cha mayi ake. Pansi pake analemba, "Nanga iyi zingati?"

Ndinayankha kuti singagule ngakhale botolo la Fanta, koma awafunse azakhali kuti inachokera kuti. Mawa lake kunabwera voice note ya mphindi khumi ndi imodzi. Azakhali akufotokoza mmene ankazitungira pachingwe makobiri amenewa n'kumanga m'chiuno popita ku msika, mmene bambo awo anabwera nawo kuchokera ku Salisbury pamodzi ndi bulangeti ndi galasi loyang'anira, ndiponso kuti iyi anaisiya dala osagulira kanthu chifukwa inali yotsiriza imene bambowo anawapatsa pamanja. Chakumapeto akumveka msuweni wanga akufunsa, "Amayi, bwanji simunatiuzepo?" Iwo n'kuti, "Munandifunsapo?"

Njinga ija ikadalipo. Sabata yatha inali ku Kaporo, ikututa Kilombero.