ZA OSEWERA MPIRA AMENE ACHOKA NDI AMENE AGULITSIDWA

Abale athu a kumidzi, kapena mudzazizwa poona kuti mphunzitsi wa imvi alemba m'masamba ano za masewera a anyamata. Tipempha mutilezere mtima kufikira potsiriza, pakuti m'nkhani imeneyi muli mlandu umene tinauweruza mokhota, ndipo tifuna kuuulula pamaso panu.

Poyamba tifotokoze masewerawo, popeza ambiri a inu simunawaone. Mpira wa basiketi useweredwa ndi anthu 5 mbali iyi ndi 5 mbali inayo. Ku mathero onse awiri a bwalo kuli mlongoti, ndi pamwamba pache mphete yachitsulo yolenjekapo ukonde, mapazi 10 kuchokera pansi. Wolowetsa mpira m'mphetemo ali pafupi apatsidwa mapointi 2. Akaponyera patali, kunja kwa mzere wokhota, apatsidwa 3. Munthu saloledwa kuthamanga atafumbata mpira, koma aziunjanjitsa pansi kapena kupatsira mnzache. Amene anayamba masewerawa ndiye James Naismith, mphunzitsi monga ife, amene anaphunziranso za ubusa ku Montreal. M'chaka cha 1891, pa sukulu ya YMCA ku Springfield m'dziko la America, anakhomera madengu awiri a zipatso pamwamba, kuti anyamata ache apeze chochita m'nyumba pa nyengo ya chisanu.

Kuno ku Blantyre anyamata ndi asungwana a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri akomana pa bwalo la Blantyre Youth Centre. Ife tinayamba kupitako poperekeza ana a sukulu, tsono nthenda ya mpira inatigwira ife omwe. Koma akatswiri opambana ali ku America, m'bungwe la NBA la matimu 30, kumene kusewera ndiko nchito ya munthu. Masewera ao atifika pa kanema pakati pa usiku, chifukwa pamene iwo ayamba kusewera madzulo, kuno tambala woyamba ali pafupi kulira. Kwathu ku Ndirande tachezera kawirikawiri m'nyumba ya mnansi titafunda magombeza, ndi kuchemerera monong'ona kuti tingadzutse ana. Ndipo m'mawa mwache talowa m'kalasi maso ali psu.

Ife tinali a timu ya Dallas Mavericks, ndipo chifukwa chache nachi. M'chaka cha 2010 LeBron James, mwana wa ku Akron, atasewera zaka 7 m'timu ya kwao ya Cleveland, anaona kuti pangano lache latha, nalengeza pa kanema kuti apita ku Miami. Anthu a ku Cleveland anapsa mtima, ena natentha pamseu malaya olembedwa dzina lache. Ndi ife kuno tinabvomerezana nao, tinati munthu uyu wataya mbumba yache chifukwa cha kukhumbira chikho. Chaka chotsatira, cha 2011, Miami inakomana ndi Dallas pa masewera otsiriza, ndipo Dallas inapambana masewera 4 kwa 2. Mtsogoleri wao anali Dirk Nowitzki wa ku Germany, amene anakhala m'timu imodzimodziyo zaka 21, kuyambira 1998 kufikira 2019, nalola nthawi zina kulandira ndalama zochepa kuti timu ithe kulemba anzache ena. M'bandakucha umenewo tinakondwa kwambiri, tinayesa kuti mlandu waweruzidwa bwino. Ndipo zaka zambiri tinaika maina awiriwa pamaso pa anyamata athu, kuti uyu ndiye wokhulupirika, ndi uyo wosakhulupirika.

Pakati pa anyamata amenewo panali wina wamtali ngati nsungwi, mwana wa mai wamasiye wogulitsa tomato pa msika wa Ndirande. Dzina lache tilibisa. Tinamphunzitsa m'kalasi ali wamng'ono, ndi madzulo tinamphunzitsa kuponya pa kabwalo kathu ka simenti yosweka, kamene mphete yache anatiotcherera mmisiri wa pamsika. Timu yathu yaing'ono inayamba kupambana chifukwa cha iye. Ali Fomu 2 anadza kwathu madzulo ena, nakhala pansi pakhonde, nati, "Aphunzitsi, timu ina ya kutali yandiitana. Ati adzandilipirira sukulu ndi kundipatsa pogona. Amai alephera fizi ya teremu ino. Ndadza kudzatsazika." Ife tinamyankha ndi mau amene atichititsa manyazi kufikira lero, tinati, "Pita mwanawe, taona kuti nawenso ndiwe LeBron." Iye sanabweze mau. Anaomba m'manja pang'ono, nanyamuka. Makalata awiri amene anatilembera pambuyo pache sitinawayankhe.

Tsono tsiku la Sabata, pa 2 February 2025, tiri kumanga tayi kuti tipite kukapemphera, mnansi wathu anagogoda ali ndi lamya m'manja, nati, "Aphunzitsi, Luka amgulitsa!" Ife tinamseka, ndipo ngakhale ku America komwe ambiri anayamba ayesa bodza. Luka Dončić wa ku Slovenia anafika ku Dallas m'chaka cha 2018 ali ndi zaka 19, nasewera chaka chimodzi pamodzi ndi Nowitzki, monga mwana alandira khasu kwa atate wache. Zaka 5 zotsatizana anasankhidwa pakati pa osewera 5 opambana onse m'NBA. Mu January 2024 analowetsa mapointi 73 tsiku limodzi polimbana ndi Atlanta, ndipo chaka chomwecho anafikitsa Dallas ku masewera otsiriza, kumene inagonja kwa Boston. Munthuyu sanapemphe kuchoka ai. Koma akulu a timu anapangana mobisa ndi Los Angeles Lakers, namsinthanitsa ndi Anthony Davis, womposa zaka 6 ndi wobvulala kawirikawiri. Ndipo mwini wache anauzidwa zonse zitatha. Pochokapo anataya mwai wa pangano la madola 345 miliyoni, limene Dallas yokha inali ndi mphamvu yakumpatsa. Nanga ku Lakers anakapeza yani? LeBron James yemwe uja.

Ulaliki wa tsiku limenelo sitinaumve bwino, pakuti mtima unali kutiimba mlandu. Lamulo la m'NBA lilola timu kupereka pangano la wosewera ku timu ina osamfunsa, kupatula owerengeka amene analembetsa mau oletsa m'pangano mwao. Munthu agona ali wa mudzi uno, nadzuka ali wa mudzi wina. Ichi tinachidziwa kale lomwe, koma sitinachiyese kanthu, popeza sichinakhudze wathu. Akulu anati, chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Pamenepo tinazindikira kuti tinali kuyenda ndi miyeso iwiri m'thumba limodzi. Wosewera akachoka yekha tinati wasowa chikhulupiriko. Mwini timu akamtaya tinati awo ndi malonda. LeBron anatsiriza pangano lache asanachoke, ndipo anabwerera ku Cleveland mu 2014, napatsa timuyo chikho chache choyamba mu 2016. Kodi mangawa amene tinali kumlonjerera zaka zonsezi anali a chiani?

Sitinena kuti kukhala pamalo amodzi kulibe ulemu. Nowitzki timlemekezabe. Koma iye anatha kukhala chifukwa nayo timu inamsunga. Pakuti kukhulupirika kuli ngati mtanda wa denga, umene sukhazikika pa nsanamira imodzi. Anthu a ku Dallas anachiona ichi msanga, nasonkhana kunja kwa bwalo lao ndi zikwangwani zodandaula. Pa 9 April 2025 Dončić anabwerera kudzasewera komweko atabvala malaya a Lakers. Pamene anamuonetsa zithunzi za zaka zache za ku Dallas, anagwetsa misozi pamaso pa khamu lonse. Atatero analowetsa mapointi 45, ndipo anthu amene timu yao inali kugonja anaimirira namuombera m'manja. Mu November 2025 Nico Harrison, mkulu amene anachita malondawo, anachotsedwa nchito. Ife tiyesa kuti malonda amenewo anali oipa, ngakhale powayesa ndi muyeso wa mpira wokha.

Inu akulu a kumidzi mudziwa nkhani iyi koposa ife. Makolo athu ambiri anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, ena ku Harare, chifukwa cha msonkho ndi kusowa kwa ndalama pamudzi. Ndipo amene anachedwa kubwera tinawatcha machona, osafunsa bwino chimene chinawachotsa. Ife tinachita chomwecho ndi mnyamata wathu. Kabwalo kathu kanalibe chomupatsa. Tinalibe fizi, tinalibe ndi nsapato zomwe. Bondo lache likadathyoka, sitikadatha kumlipirira kuchipatala. Masiku a kusewera ali owerengeka, ndipo atatha, chotsalira munthu ndicho chimene anaphunzira. Dončić anachoka ndi chuma chambiri m'manja, kotero sitimlirira njala. Koma ngati timu yolemera inataya mwana wache wotere usiku umodzi, tinali ndi mphamvu yanji ife yakumanga mwana wa mai wamasiye ndi mau akuti chikhulupiriko?

Ndipo ana ena adzaitanidwa ndithu. M'chaka cha 2021 mpikisano wa Basketball Africa League unayamba ku Kigali, ndipo timu ya Bravehearts ya ku Lilongwe yayesa kale masewera olowera m'menemo. Njira ikatseguka, oyendamo sasowa.

Loweruka lotsatira tinatsikira ku msika, tinawapeza amai aja pa benchi lao. Tinati, "Amai, mwana wanu tinamlakwira." Iwo anatiyang'ana nthawi, nati, "Aphunzitsi, iye alibe nanu chakukhosi. Mayeso a Fomu 4 anakhoza, ndipo akabwera kuno afunsa za inu." Anatipatsa keyala yache, natiikiranso tomato atatu m'thumba, nakana ndalama. Usiku womwewo tinalemba kalata imene tikadailemba zaka zapitazo.

Chifukwa chache, aphunzitsi anzathu ndi akulu a mipingo, mwana akadza kudzatsazika chifukwa timu yamuitana, musamyankhe monga tinayankhira ife. Khalani naye pansi pamodzi ndi amalume ache, mufunse zoyenera kufunsa. Kodi za sukuluzo azilemba papepala? Kodi akabvulala adzamsunga kufikira atatsiriza maphunziro? Kodi akafuna kubwerera kwao adzamlola? Mukamva mayankho abwino, mpatseni kamba wa panjira, mumperekeze kufikira pokwerera basi.

Timu ya Dallas tiitsatabe, pakuti nkhalamba sisintha msanga, ndipo mnansi wathu atiseka chifukwa cha ichi usiku uliwonse wa masewera. Koma maina awiri aja tinaleka kuwaika pamaso pa anyamata monga kale. Tsopano akatifunsa za wosewera amene wachoka, tiyamba tafunsa chimene timu yache inamchitira.

Tsalani bwino, abale.

Mphunzitsi wa ku Ndirande