Masiku Awiri ku Senga Bay

Anthu ambiri a ku Mchinji amadziwa bwino mzinda wa Chipata kusiyana ndi nyanja ya dziko lawo lomwe. Zimenezi n'zosadabwitsa. Kuchokera pa boma la Mchinji, lomwe kale linkatchedwa Fort Manning, kukafika ku Chipata ndi mtunda wosakwana makilomita 40, pamene wofuna kukaona nyanja ku Senga Bay, m'boma la Salima, ayenera kuyenda makilomita oposa 200. Mtsinje wa Bua umayambira m'mapiri a ku Mchinji n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota, koma ambiri mwa amene amamwa madzi ake amakalamba osaona kumene madziwo amapita.

Mkulu wina wa kudera la Mkanda, mlimi wa mtedza, anali mmodzi mwa anthu otere. Atagulitsa mtedza wake m'mwezi wa July, adapatula ndalama zina n'kuuza mdzukulu wake, mnyamata wa Fomu 3, kuti amuperekeze kunyanja. Anansi adamuseka poyera. Iwo adati ndalamazo zinali za feteleza, ndipo munthu wanzeru sangalipire ulendo wokangoyang'ana madzi. Mkuluyo sadatsutsane nawo, pakuti zimene ankanenazo zinali ndi mutu.

Adakwera minibasi mpaka ku Lilongwe, ina mpaka ku Salima, ndipo dzuwa litapendeka adafika ku Senga Bay. Poyamba adalunjika pa hotela ina ya mpanda wautali, poganiza kuti gombe ndi la aliyense monga dambo la kumudzi. Mlonda adawabweza mwaulemu, nati mchenga wa mkatimo ndi wa alendo ogona pamalopo. Mkuluyo adangoti kukamwa yasa. Mayi wina wogulitsa usipa ndiye adawalozera nyumba ya alendo yotsika mtengo, kufupi ndi kumene asodzi amakocheza mabwato.

Nyumbayo inalibe zambiri. M'chipinda munali mabedi asanu ndi limodzi osanjikizana, lililonse ndi neti yake yoteteza ku udzudzu. Bafa ndi chimbudzi zinali panja, ndipo aliyense ankadziphikira yekha pakhitchini imodzi. Chimene chidamuvuta mkuluyo n'chakuti adayenera kugona chipinda chimodzi ndi mdzukulu wake pamodzi ndi achinyamata achizungu oyenda ndi zikwama zakumsana.

"Kodi iwe, ulemu uli kuti pamenepa?" adafunsa monong'ona.

"Agogo, chipinda cha inu nokha chitidyera ndalama yobwererera," adayankha mnyamatayo. Mkuluyo adagona osavula jekete.

Usiku umenewo kudawomba mwera, mphepo ya kum'mwera imene imavundula nyanja m'miyezi yozizira. Mafunde adabangula mpaka mbandakucha, ndipo mlimiyo, amene adazolowera bata la kumunda, sadaone tulo. Kutacha adaima pagombe nthawi yaitali, akufunafuna tsidya lina ndi maso, koma osalipeza bwinobwino.

Pophika chakudya cham'mawa adacheza ndi mnyamata wina wa ku Germany, mdzukulu uja akumasulira. Mlendoyo adali atafika kale ku Nkhata Bay ndi ku Likoma pa sitima ya Ilala, yomwe idayamba kuyenda panyanjapo mu 1951. Adafotokozanso za nsomba za mbuna za ku Cape Maclear, kumene boma lidakhazikitsa malo otetezedwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Mkuluyo adamvetsera mwachidwi, koma mumtima mudamuwawa. Mwana wa eni, wochokera kutali, ankadziwa dziko la Malawi kuposa iye mwini nthaka. Komabe atatulutsa mtedza wokazinga m'thumba, mlendoyo adafunsa ngati mtedza umabala m'mitengo. Mkuluyo adaseka mpaka misozi, ndipo adamuphunzitsa za mizere, kukumba ndi kuthothola. Aliyense adali mbuli pa za mnzake.

Usiku wachiwiri mphepo idaleka. Asodzi adalowa m'madzi ndi nyali zokopera usipa, ndipo nyanja idaoneka ngati mudzi waukulu woyandama. M'mawa mwake mkuluyo adaona nsombazo zikuyanikidwa pamathandala. Kwa zaka zonse adakhala akugula usipa pamsika wa Kamwendo n'kumadandaula za mtengo, osadziwa kuti pali amuna amene amachezera pamadzi ozizira, moyo uli m'manja, kuti iye apeze ndiwo.

Adabwerera kwawo ndi kathumba ka usipa ndi ndalama zochepa. Chaka chimenecho feteleza adaperewera ndithu, ndipo chigawo china cha munda wa chimanga sichidachite bwino. Anansi sadaiwale kumukumbutsa. Iye ankangoyankha kuti munda adzalimanso, koma maso ake sadzakhalanso akuthwa.

Ophunzira ambiri amajambula nyanja ya Malawi pamayeso, n'kulemba molondola mayina a madoko ake, asanapondeko mchenga wake. Gombe likamatchingidwa ndi mipanda chaka ndi chaka, nyumba zosaoneka bwino ngati ija ndizo zimasiyira Mmalawi wamba kanjira kofikira kumadzi. Kanjira kameneka n'koyenera kukasamala, chifukwa n'kovuta kuti munthu akonde ndi kuteteza chinthu chimene amangochimvera m'mabuku.