Ulendo wa Munthu Mmodzi ku Senga Bay

Kwathu kuno munthu akanyamula chikwama n'kunena kuti akupita kunyanja yekha, funso loyamba limakhala lakuti, "Kwagwanji?" Tinazolowera kuyendera maliro, ukwati, msonkhano wa misasa kapena kukazonda matenda, ndipo timayenda m'chigulu. Komatu ife amene timathandiza pa zaumoyo mumpingo timakumana ndi anthu ambiri otopa: amayi odwazika matenda kwa miyezi, aphunzitsi, akulu a mpingo. Tikawayeza BP timaipeza yokwera, tulo sakugona, koma chaka chimatha osapumako ndi tsiku limodzi lomwe. Kwa anthu otere, masiku awiri kapena atatu a phee ndi mankhwala ndithu. Ife tinayesako ku Senga Bay, ndipo tikuuzani zokoma zake ndi zovuta zake zomwe.

Kufikako sikovuta. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, ndipo kuchoka pa boma kukafika kunyanja ndi makilomita ena ngati 20. Maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza zimapezeka. Mukangotsika zitunda kulowa m'chigwa cha Salima, kutentha kumakulonjerani, milambe n'kuyamba kuoneka.

Gombe la Senga Bay linayang'ana kum'mawa, choncho dzuwa limatulukira pamadzi. Nthawi imeneyo asodzi amakhala akubwerako ku usipa, atachezera usiku wonse ndi nyali zawo. Amayi ogula nsomba amadikira ndi mabeseni, ena akuyanika usipa pa thandala, ana akutsuka mbale. Chapafupi pali kachilumba ka miyala ka Namalenje, komwe alendo amati Lizard Island chifukwa cha ng'anzi zake. Chakumwera kuli zilumba za Maleri, zomwe zili mbali ya Lake Malawi National Park. Malo otetezedwawa anakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha nsomba zokongola za mbuna, zimene mitundu yake yambiri imapezeka m'nyanja yathu yokhayi.

Ubwino woyamba woyenda wekha ndi wakuti nthawi imakhala yako. Tinkagona msanga, n'kudzuka mbandakucha kukayenda pamchenga kwa ola lathunthu. Kuyenda pamchenga kumalimbitsa miyendo kuposa pamsewu. Zambiri zimene timaphunzitsa za moyo wathanzi, monga mpweya wabwino, dzuwa, kulimbitsa thupi ndi kupumula, zinali pomwepo zaulere. Wachiwiri ndi bata. Pakhomo pemphero limadukizidwa ndi mwana wolira kapena foni. Kunyanja tinawerenga ndi kusinkhasinkha popanda wotiitana. Ambuye Yesu nayenso ankapatuka kupita kwayekha kukapemphera.

Ubwino wachitatu sitinauyembekezere. Anthu oyenda m'gulu amangocheza okhaokha, koma munthu mmodzi amakakamizika kupereka moni. Anthu ambiri a m'derali ndi Asilamu, ndipo tinacheza nawo bwino kwambiri. Bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde anatiitana kuti, "Khalani pansi achimwene, dzuwa laswa mtengo," n'kutifotokozera mmene amadziwira kuti mphepo isintha. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Koma nyanja si ya masewera, makamaka kwa munthu amene alibe womuyang'anira. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mphepo ya mwera, ndipo madzi amene m'mawa anali bata amatha kuwinduka masana. Musasambire nokha, ngakhale mumadziwa kusambira. Sambani pamene pali anthu, madzi osapitirira m'chiuno. Mukafuna kukwera boti kupita ku chilumba, funsani jekete yoyandamitsa musanalipire. Ngati palibe, tsalani. Pewaninso mathiriro a mitsinje ndi malo a bango, monga cha ku dambo la Mpatsanjoka, chifukwa kumakhala mvuu ndi ng'ona. Eni dera amadziwa malo oopsa. Safunsa anadya phula.

Matenda awiri ndi ofunika kuwasamala. Oyamba ndi likodzo. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka a zomera, ndipo timalowa pakhungu munthu osamva kanthu. Zizindikiro, monga magazi mu mkodzo, zimadza mochedwa. Ngati munalowa m'madzi, pitani kuchipatala pakatha miyezi iwiri mukafotokoze. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo amagwira bwino tizilomboto tikakula. Achiwiri ndi malungo. Kunyanja udzudzu ndi wambiri, choncho nyamulani neti yanu, musadalire ya kumalo ogona. Mukamva kutentha thupi, kayezetseni tsiku lomwelo. Munthu amene ali yekha m'chipinda alibe womuthamangira naye kuchipatala usiku.

Madzi akumwa nawonso musawatenge mwachibwana. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unavuta kwambiri m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Imwani madzi owiritsa, othira klorini kapena a m'botolo lotsekedwa, ndipo m'chikwama musasowe mapaketi a Thanzi ORS. Kumatentha, ndiye imwani pafupipafupi ndi kuvala chipewa. Amene mumamwa mankhwala a shuga kapena a BP tsiku ndi tsiku, tengani okwanira ndi ena apadera, ndipo lembani dzina la mankhwalawo pa kapepala pamodzi ndi nambala ya wachibale.

Pa chakudya, funsani musanadye. Chambo, utaka ndi usipa zili ndi mamba, koma kampango ndi mlamba zilibe, ndipo m'malesitilanti ena nsomba yodulidwa kale siidziwika. Amene sitidya nyama tinapeza nyemba, mpunga, masamba ndi zipatso pamsika popanda vuto.

Za chitetezo n'zodziwika koma zimaiwalika. Uzani a kunyumba kumene mukagone, ndipo muziwaimbira m'mawa ndi madzulo. Fikani kukadali kowala. Ndalama zambiri zikhale mu Mpamba kapena Airtel Money, m'thumba mukhale zochepa. Usiku musayende pagombe nokha. Kumapeto a sabata kumabwera anthu ambiri odzasangalala ndipo ena amakhala ataledzera. Amayi ndi atsikana, sankhani malo ogona amene wina wodalirika anakuuzani, okhala ndi mlonda ndi chitseko chokhoma bwino. Dziwaninso kuti munthu mmodzi amalipira chipinda ndi boti yekha, popanda wogawana naye mtengo.

Chovuta chomaliza ndi kusungulumwa. Kumabwera madzulo, pamene mabanja akudya pamodzi inu muli nokha ndi mbale yanu. Apa m'pamene kukonzekera Sabata kumathandiza. Musananyamuke, pemphani abusa kapena akulu a mpingo wanu akulumikizeni ndi abale a m'dera la Salima. Fikani Lachisanu dzuwa lisanalowe, mutagula kale zofunika. Mlendo wolowa m'Sukulu ya Sabata sachedwa kupeza womuitanira kunyumba.

Ulendo wotere si wa aliyense. Munthu amene wangoferedwa kumene, amene ali ndi maganizo ofuna kudzivulaza, kapena amene amadwala matenda akugwa, asapite yekha kunyanja. Apite ndi mnzake. Ndipo okwatira ayambe agwirizana kunyumba, kuti mpumulo wa mmodzi usabale kukayikirana. Koma ngati thupi lili bwino ndipo apabanja avomera, yambani kusunga pang'onopang'ono. Ngati pakhomo panu pali wina amene wakhala akusenza mtolo wa banja lonse osapuma, mwina woyenera kupita ndi iyeyo, inu mutsale ndi ana.