Zilembo za timabokosi

Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani. Makoma ambiri a magolosale, malo ometera ndi tinyumba totchajira mafoni kuno kwa Dambe, makamaka pa Kapiri, anadutsa m'manja mwanga. Kale eni malo ankakonda zilembo zopindika, zamichira, zokhala ndi mthunzi kumbali. Lero achinyamata amabwera ndi foni m'manja, n'kundionetsa zilembo zamakonamakona, zooneka ngati zomangidwa ndi njerwa, amvekere, "Madala, tikufuna izi."

Si zachilendo kwa ine. Ndi zomwe zija tinkawerenga pa Nokia 3310, foni yomwe inatuluka m'chaka cha 2000, imene galasi lake linali ndi timadontho 84 chopingasa ndi 48 chotsika. Pamalo ochepa chotero, wokonza zilembo ankachita kuwerenga kadontho kalikonse. Koma zinayamba kale kuposa apo. M'masewera a Pac-Man, omwe kampani ya Namco ya ku Japan inatulutsa mu 1980, chilembo chilichonse chinkakwana m'bokosi la timadontho 8 uku ndi 8 uku. Zomwe anyamatawa amandionetsa kawirikawiri ndi za mtundu wotchedwa Press Start 2P, wopezeka mwaulere pa Google Fonts, womwe unatengera zilembo za masewera akale a Namco omwewo. Chimene kale chinali umphawi wa makina, lero anthu akuchifuna mwadala.

Bulashi imabwera pomalizira. Ndimayamba ndi kope la masamu, lija la timabokosi, ndi pensulo. Chilembo changa chimakhala timabokosi 5 m'lifupi ndi 7 msinkhu, pakati pa zilembo ndisiya kabokosi kamodzi. Titenge mawu akuti MAFONI. Zilembo zisanu za timabokosi tisanutisanu, I wa titatu, ndi mipata isanu, zonse pamodzi 33. Ngati khoma landipatsa mamita awiri, kabokosi kamodzi kakhala masentimita 6, chilembo n'kutalika masentimita 42. Ndikatero ndimapaka choko pachingwe, mnyamata wanga agwira uko ine uku, tikoka n'kusiya chimenye khoma, mpaka mizere yonse itaoneka. Kenako ndiika kachizindikiro m'timabokosi tofunika penti. Pakhoma losalala ndimadula kachidutswa ka siponji molingana ndi kabokosi n'kumadinda. Pa pulasitala wokhakhala siponji imasiya mabala, choncho ndimagwira bulashi yaphwatalala, dzanja losanjenjemera.

Luso lenileni lili posankha kabokosi koti usiye. O ukamudzaza makona onse anayi, munthu wapanjinga samusiyanitsa ndi D. Ndimachotsa makona onse a O, pa D ndichotsa a kumanja okha. Chichewa chathu chimatipatsa ntchito ina, chifukwa chadzaza ndi M, N ndi W, ndipo zilembo zitatuzi zimadalira mizere yopendekera, pomwe m'timabokosi mulibe kupendekera, muli masitepe okhaokha. Ukalakwitsa kamodzi pakati, M asanduka H. Kachipewa ka pa Ŵ kamafuna mizere yake iwiri pamwamba ndi mpata woti kasamatirire kuchilembo, ndiye ndimakawerengera ndisanayeze khoma. Nako kankhodolero ka mu NG'OMBE, pachikwangwani cha butchala, ndimakapatsa danga lakelake. Sindilola kuti kafinyidwe, pakuti popanda iko mawuwo amveka mwina.

Mwini malo akaima pafupi, nthawi zambiri amadandaula kuti S waoneka wothyokathyoka, ndimusalazeko pang'ono. Ndimamugwira dzanja, tiwoloka msewu, ndimuuza atembenuke. Patali diso limadzimalizira lokha, masitepe aja n'kuoneka ngati kupindika. Ukasalaza kona imodzi, zina zonse zimaoneka zolakwika. Pamenepa sindigonja.

Chomwe chimandikondweretsa kwambiri n'choti kawerengedwe aka si ka makina okha. Amayi oluka majuzi a sukulu ndi osoka mawu pansalu zapamipando akhala akuchita zimenezi kuyambira kale: ulusi wamtundu wina apa, dumpha awiri, bwereza. Ngakhale Susan Kare, mayi amene anakonza zilembo zotchedwa Chicago za kompyuta ya Macintosh ya mu 1984, zithunzi zake zoyamba ankazijambula papepala la timabokosi. Tsamba limodzi la m'kope langa likhoza kupita pakhoma, mawa lake mayi wina n'kulitenga kukalukira dzina la timu pachipewa, osasintha kanthu.

Sikuti zilembo za timabokosizi zimayenera paliponse ayi. Pamalo okonzera mafoni, oonetsera mpira kapena oseweretsa magemu, zimakhala bwino zedi, makamaka zoyera kapena zachikasu pakhoma lakuda. Mawu akhale ochepa, awiri kapena atatu. Mndandanda wautali wa katundu wa m'golosale umatopetsa maso. Nyengo yogula mtedza ndi soya ikafika, ogula mbewu amafuna mitengo pachikwangwani, ndipo pamenepo ndimakana kugwiritsa ntchito zilembozi: 3, 8 ndi 0 za timabokosi zimafanana msanga fumbi likamata, pomwe mlimi amene wakoka matumba kuchokera kumudzi ayenera kuwerenga mtengo mosakayika asanatsitse katundu wake. Pachiliza naponso sindizilemba. Dzina la malemu ndimalilemba ndi zilembo zakale zija, zopindika bwino.